Masiku atatu m'kahotela ka pafupi ndi kachisi ku Madurai

Sitima ya usiku yochokera ku Chennai, imene amaitcha Pandian Express, inatitula pa siteshoni ya Madurai kunja kusanayere. Tinali awiri, ine ndi achemwali anga aakulu. Ku India tinapitira mwana wathu, woyamba wa achemwali, amene akuphunzira ku Chennai. Sabata imeneyo anali ndi mayeso, ndiye anati m'malo moti tizingomuyang'anitsitsa akuwerenga, tikaoneko Madurai, mzinda wakale wa kum'mwera kwa chigawo cha Tamil Nadu. Matikiti anagula ndi iye, chipinda anatisungitsira ndi iye pa intaneti. Ife yathu inali kungofika n'kugona.

Koma sizinatero. Mnyamata amene tinamupeza pakauntala ya hotelayo atangoona mapasipoti athu anayamba kupukusa mutu. Kumeneko munthu akamagwedeza mutu uku ndi uku nthawi zambiri amakhala akuvomera, ndiye ine ndinangomwetulira n'kutambasula dzanja kuti andipatse kiyi. Anandibwezera mapasipoti. Anati alendo ochokera kunja salandira.

"Iwe, kodi ndi khungu lathuli?" anandinong'oneza achemwali.

Ndinaimbira mwana uja, tulo tili m'maso. "Amayi aang'ono, pepani, ndinaiwala kufunsa za Form C," anatero. Ndi mmene ndinadziwira kuti ku India malo aliwonse ogona akalandira mlendo wakunja amayenera kulemba za pasipoti ndi viza yake n'kuzitumiza ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko pasanathe maola 24. Timahotela tina sitinalembetse kuti tizichita zimenezi, ena amangoona kuti ndi chintchito, ndiye amakana wakunja aliyense, kaya mzungu kaya ife. Sindikunena kuti tsankho kulibe. Koma m'mawa umenewo vuto linali pepala. Mwayi wake mwana anasankha kuti tikalipire tikafika, bwenzi titayamba kulondola ndalama m'dziko la eni. Choncho musanasungitse chipinda m'kahotela kakang'ono, imbani kapena lembani pa WhatsApp n'kufunsa mosazungulira ngati amalandira anthu a pasipoti yakunja. Yankho likhale lolembedwa.

Tinayamba kukoka zikwama. Kuchoka pa siteshoni kukafika pa kachisi wamkulu wa Meenakshi, mulungu wamkazi wa Ahindu, ndi mtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi, ndipo m'misewu ya pakati pamenepa, monga Town Hall Road ndi West Perumal Maistry Street, malo ogona angondanda khomo ndi khomo. Apa mudziwiretu china: chikwangwani cholembedwa kuti "Hotel" kawirikawiri chimatanthauza malo odyera basi. Pogona ambiri amalemba "Lodge". Tinakwera masitepe a nyumba ina n'kukapeza anthu akudya.

Malo awiri otsatira anali odzaza. M'makonde ndi m'masitepe munali azibambo ovala zakuda, opanda nsapato, ndevu zosameta, mikanda m'khosi. Achemwali anaganiza kuti kwagwa maliro a munthu wamkulu. Pambuyo pake tinamva kuti ndi anthu a paulendo wachipembedzo wopita ku Sabarimala, kachisi wa paphiri m'chigawo cha Kerala, kumene amapembedza mulungu wawo Ayyappa. Asananyamuke amadzisunga masiku 41, osadya nyama, osamwa mowa, ndipo onse amatchulana kuti Swami. Nyengo yawo imayamba pakati pa Novembala n'kutha pakati pa Januwale, ndipo panjira amaima m'mizinda ya akachisi ngati Madurai. Ife tinafika kumayambiriro kwa Januwale, m'kati mwenimweni mwa khamulo. Nyengo ina yovuta kupeza chipinda ndi Epulo ndi Meyi, pa chikondwerero cha Chithirai, pamene amakumbukira ukwati wa Meenakshi, ndipo nthawi imeneyo dzuwa limawotcha mpaka kufika madigiri 40.

Malo achinayi anali kanyumba kosanja kowonda ngati kapanikizidwa pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya ziwiya, kufupi ndi chipata cha kumadzulo kwa kachisi. Pakauntala panali mdala wovala nsalu yoyera m'chiuno, pamphumi atapaka mizere ya phulusa. Anatenga mapasipoti osanena zambiri, natuma kamnyamata kukapanga fotokope, natifunsa kumene tachokera ndi kumene tikupita. Kenako anatsegula chibuku chachikulu, nayang'ana wotchi ya pakhoma, nalemba kuti 6:40. Ndinaona, koma sindinafunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Chipinda chotsala chinali pamwamba penipeni, ndipo chikepe panalibe. Achemwali mawondo amawavuta. Anakwera akupumira panjira, akutchula dzina la mwana wawo m'mawu osakhala achikondi. Mdala uja ataona zimenezi anatilonjeza kuti gulu lina likachoka atitsitsira m'munsi, ndipo mawa lake anachitadi.

Za m'chipindamo ndinene mwatsatanetsatane chifukwa zithunzi za pa intaneti sizionetsa. Munali mabedi awiri a matiresi olimba, aliyense ndi nsalu imodzi yoyala pansi, yofunda palibe. Bulangete kapena thaulo ukafuna umachita kupempha. Zitenje zathu ndi zimene zinatipulumutsa: chofunda chomwecho, chopukutira chomwecho, chotchingira pawindo chomwecho. Kudenga kunali fani yozungulira mwamphamvu, ndipo kwa Januwale inatikwanira. Chipinda cha AC, cha makina oziziritsa mpweya, chinali chokwera mtengo kwambiri ndipo sitinachifune. Kubafa kunali mpope, ndowa ndi kapu yaikulu ya pulasitiki. Wakulira kumudzi sangadabwe nazo. Chodabwitsa n'chakuti bafa ndi chimbudzi ndi chipinda chimodzi chopanda chotchinga, ndiye ukasamba pansi ponse pamanyowa ndipo pamaterera. Masilipasi ndi ofunika. Pepala la kuchimbudzi saika, amagwiritsa ntchito madzi, choncho gulani lanu. Funsaninso ngati chimbudzi ndi "Western", chokhalira, kapena "Indian", chonjuta. Kwa munthu wa mawondo ngati achemwali funso limeneli ndi lalikulu kuposa mtengo wa chipinda. Madzi otentha analipo koma switchi ya gizala inali kunja kwa chitseko, ndipo tsiku loyamba ndinasamba ozizira chifukwa chosadziwa.

Masoketi akumeneko ndi a mabowo ozungulira, mapulagi athu a mano atatu afulati salowa. Adaputa ndinagula pa kasitolo ka zamagetsi pangodya. Chitseko chinali cha mpiringidzo ndi loko wopachika, ndiye amene ali ndi loko wake atha kuikapo n'kuyenda mtima uli m'malo. Madzi akumwa tinkagula a m'botolo, n'kuyang'ana kaye ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo. Udzudzu ulipo, neti mulibe. Mdala anatibwereka kachipangizo kobaya pasoketi kothamangitsa udzudzu. Ndalama: khadi yanga sanailandire. Anthu akumeneko, ngakhale wogulitsa nthochi, amalipirana ndi foni pojambula kachizindikiro, njira imene amaitcha UPI, koma kawirikawiri imayenda ndi akaunti ya kubanki ya komweko. Mlendo ayende ndi ma rupee a m'manja, makamaka ang'onoang'ono, chifukwa chenji ndi nkhondo.

Zonsezi munthu amazolowera tsiku limodzi. Chimene chinatigwedeza ndi usiku.

Tinagona mochedwa chifukwa mumsewu munali phokoso ngati masana. Anthu a ku Tamil Nadu amautcha mzindawu Thoonga Nagaram, kutanthauza mzinda wosagona, ndipo si dzina longokometsera: pakati pa usiku anthu amakhala akudya m'mbali mwa msewu, wophika akumenya zitsulo pachiwaya podula parotta, buledi wafulati wa kumeneko. Titangoti tapeza tulo, cha m'ma 3 koloko, ndowa zinayamba kugundana m'zipinda zoyandikana. A zakuda aja anali kusamba. Kenako anayamba kuimba mothandizana, wina kutsogolera ena kuyankha, m'khonde momwemo, pakhomo pathu. Isanakwane 5 koloko zokuzira mawu zinayamba nyimbo zachipembedzo, chifukwa unali mwezi wa Margazhi, umene umayamba pakati pa Disembala n'kutha pakati pa Januwale, mwezi umene Atamil amalawirira kupemphera.

Ndinatsika ndili wokwiya kukadandaula. Ndinapeza mdala uja atasamba kale, akuyatsa kanyale patsogolo pa zithunzi za milungu yake pakhoma. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa modabwa zenizeni: "Amma, kachisi atsegula 5 koloko. Simukupita?"

Ndinabwerera m'mwamba ndilibe chonena. Tinafuna kugona pafupi ndi kachisi, ndipo walira mvula walira matope. Koma funso la mdalayo linandionetsa chimene sindinachimvetse pofika. Kahotela kameneka sanakamangire anthu odzapuma. Anakamangira anthu odzapembedza, amene amafuna posamba, posiya katundu ndi pogoneka msana maola ochepa. N'chifukwa chake kubafa madzi sasowa koma mpando wokhalira m'chipinda mulibe. Wotchi ya nyumbayo ndi kachisi. Ukalimbana nayo uvutika masiku onse, ife tinangoitsata. Tinkadzuka nawo limodzi m'bandakucha, n'kugona masana, chifukwa kachisi amatsekedwa cha m'ma hafu 12 mpaka 4 koloko madzulo, ndipo nthawi imeneyo makonde a hotela amangoti zii. Amene akufunadi tulo ta usiku asankhe malo akutali ndi kachisi, kutsidya kwa mtsinje wa Vaigai, kapena apemphe chipinda cha kumbuyo chosayang'ana kumsewu.

M'mawa wa ku Madurai ndi wokoma, ndivomere. Azimayi amatsira madzi pakhomo, kusesa, n'kujambula pansi maluwa a mizere ndi ufa woyera, zimene amati kolam. Ogulitsa maluwa amakhala atayala kale mikoko ya timaluwa toyera tonunkhira totchedwa malli, timene mzindawu umatchuka nato, ndipo pafupifupi mkazi aliyense amamangirira kutsitsi. M'hotela mwathu munalibe khitchini, koma kamnyamata kaja kankathamangira khofi wamkaka pa kasitolo kapafupi, kubwera naye m'kapu yachitsulo yokhala m'kambale kake. Umathira uku n'kubwezera uku mpaka azizire. Kadzutsa tinkadya idli, timikate toyera tofewa ta mpunga ndi mphodza tophika ndi nthunzi, tosawawa ngati sunathire msuzi wambiri. Masana ukanena kuti "meals" amakuyalira tsamba la nthochi, kukuthirira mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu, n'kumangowonjezera mpaka utakana. Amadya ndi dzanja lamanja ngati kwathu, ndiye apa sitinachite chilendo. Malo ambiri odyera ozungulira kachisi saphika nyama. Ofuna nyama ya mbuzi kapena nkhuku ayende pang'ono, ipezeka. Tsabola akakupweteka, malizira ndi mpunga wothira chambiko, kapena kagule jigarthanda, chakumwa chozizira cha mkaka chimene eni mzinda amanyadira nacho. Achemwali anamwa katatu tsiku limodzi.

Za kulowa m'kachisi tinasiyana maganizo. Achemwali ndi mayi wa Mvano, ndipo ananeneratu: "Ine m'nyumba ya mafano sindipondamo. Iwe pita, ukandiuze." Sindinawakakamize. Inenso ndine Mkhristu, koma ndinaona kuti kuyenda ulendo wonsewo n'kukathera pachipata kukanandiwawa moyo wonse. Aliyense atsate chikumbumtima chake.

Mzinda wakale wa Madurai anaumanga mozungulira kachisiyu. Misewu imamuzinga m'mabwalo a ngodya zinayi, lina kunja kwa linzake, ndipo ina ili ndi maina a miyezi ya Chitamil: Chithirai, Avani Moola, Masi. Mumsewu wa m'kati kwambiri, wa Chithirai, magalimoto salowa, choncho auto, kagalimoto ka mateyala atatu kaja, kakusiyani chapatali. Ngati hotela yanu ili m'dera limenelo ndipo muli ndi zikwama zolemera, dziwani kuti mudzazinyamula.

Ubwino waukulu wogona pafupi ndinauona apa. Foni salola kulowa nayo. Lamuloli linabwera m'chaka cha 2018 moto utawononga mbali ina ya kum'mawa kwa kachisi. Nsapato ndi masokosi umavula. Pali malo osungitsira zinthu pazipata, koma mizere yake nyengo imeneyo inali yaitali. Ine ndinasiya zonse m'chipinda, ndinavala diresi lalitali, chitenje pamapewa, timasilipasi totsika mtengo, ndalama pang'ono m'manja, ndipo ndinadutsa pofufuzidwa mosavuta. Amuna ndi akazi ali ndi mizere yosiyana. Kabudula ndi zovala zoonetsa mapewa amabweza.

Kachisiyu ali ndi nsanja 14, zimene amati gopuram, ndipo yaitali kwambiri, ya kum'mwera, imafika mamita pafupifupi 52. Iliyonse yadzaza ndi ziboliboli zopaka utoto wowala kuchokera pansi mpaka pamwamba, milungu ya manja ambiri, nyama, zilombo, moti maso amatopa usanafike pakati. Zambiri zimene zikuoneka lero zinamangidwa m'nthawi ya mafumu a Nayak, makamaka Thirumalai Nayak amene analamulira kuyambira 1623 mpaka 1659, ngakhale malowo akhala opembedzerapo kuyambira kale kwambiri. M'kati muli dziwe lozunguliridwa ndi masitepe, pamene anthu amakhala n'kumapuma, ndi holo yotchedwa ya mizati chikwi. Mizatiyo kwenikweni ilipo 985, iliyonse yosemedwa pamwala. Chinandikhudza ine si kukula kwake ayi, koma kuti si malo ongoonetsa alendo. Ndinaona banja litabweretsa khanda, akwati atsopano atavala nkhata za maluwa, gogo wina atagona chafufumimba pamwala akulira. Ndinadzimva kuti ndalowa pakati pa mapemphero a eni, ndipo ndinayenda mopepesa.

Pakhomo la zipinda zopatulika za Meenakshi ndi mwamuna wake Sundareswarar, amene ndi mulungu Shiva, pali zikwangwani zoti olowa ndi Ahindu okha. Ndinamva mzungu wina akukangana nazo. Ine sizinandivute. Kwathu kudambwe wosameta salowa, ndipo palibe amapempha kuti amufotokozere.

Mdala wa pahotela ndi amene anandiuza kuti ndibwererenso usiku cha m'ma 9 koloko. Tsiku lililonse nthawi imeneyo ansembe amanyamula chifaniziro cha Sundareswarar m'kabokosi konyamulira pamapewa, ng'oma zikulira, chitoliro chachitali chikuimba, utsi wa lubani uli tolo, kupita nacho kuchipinda cha Meenakshi kuti akagone kwa mkazi wake. M'mawa amakamutenganso. Zimenezi mlendo aliyense atha kuonerera m'khonde. Nditawafotokozera achemwali anaseka mpaka kutsokomola: "Ndiye kuti kuno ndi chikamwini? Mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi?" Ndipo zoonadi, ku Madurai dzina lotsogola ndi la mkaziyo. Kutuluka m'kachisi usiku umenewo n'kuyenda mphindi zisanu kukafika pabedi, osasaka auto, osakambirana mtengo mumdima, ndi chimene chinandilipira tulo tonse tinataya tija.

Kuzungulira kachisi mudzakumana ndi azibambo aulemu kwambiri okuuzani kuti pali nyumba ina imene mungakwere padenga n'kuona nsanja zonse kwaulere. Denga liliko ndithu, koma potsika mudutsa m'sitolo ya makapeti ndi ziboliboli, ndipo kutulukamo chimanjamanja kumafuna khosi louma. Funsani kaye pahotela panu. Kathu kanali ndi denga lafulati poyanikira zovala, ndipo nsanja ya kumadzulo inkaoneka pafupi ngati ungaikhudze. Achemwali, amene anakana kuponda m'kachisi, madzulo alionse ankakwera masitepe onse aja ndi mawondo awo omwewo, kukakhala pa ndowa yovundikira n'kumayang'ana nsanjayo ikuyatsidwa magetsi. Sindinawafunse kanthu.

Za kuyang'anidwa ndisabise. Akazi awiri akuda, wina wamangongo wina wa duku, tinali chionetsero. Ena ankapempha kujambulitsa nafe, ena ankangojambula, mayi wina anagwira tsitsi langa osapempha. Ambiri ankafunsa ngati ndife a ku Nigeria kapena West Indies, ndipo Malawi sanamudziwe. Zimatopetsa. Koma m'kahotela kathu, pofika tsiku lachiwiri, tinali anthu wamba. Kamnyamata kankatiitana kuti Amma, kutanthauza mayi, mdala ankatilonjera ndi funso lakuti tadya kapena ayi, ndipo mmodzi wa a zakuda aja ananyamula chikwama cha achemwali potsika osayembekeza zikomo. Mawu awiri, vanakkam polonjera ndi nandri pothokoza, anatitsegulira nkhope zambiri.

Tinaonanso nyumba yachifumu ya Thirumalai Nayak, yomangidwa mu 1636, ya zipilala zonenepa zoti anthu awiri sangazikumbatire, ndi nyumba yosungira mbiri ya Gandhi kutsidya kwa mtsinje. Ndi mu mzinda umenewu, m'chaka cha 1921, mmene Gandhi anasiya zovala zake zonse n'kuyamba kumangirira kansalu m'chiuno ngati amphawi. Malo awiriwa amatheka m'mawa umodzi pa auto, bola mugwirizane mtengo musanakwere.

Tsopano ija 6:40. Tinafika Lachiwiri m'mawa, sitima yobwerera inali Lachinayi usiku. M'mutu mwanga ndinawerenga mausiku awiri, ndipo ndinalipira awiri. Lachinayi, tikumwa khofi, mdala anagogoda n'kufunsa mwaulemu ngati tikutuluka kapena tikuwonjezera tsiku. Ndinati titulukatu masana monga zimakhalira kulikonse. Anabweretsa chibuku chija, naloza chala. Malo ogona ambiri ang'onoang'ono kum'mwera kwa India amawerenga tsiku ngati maola 24 kuchokera pa nthawi imene walowa. Kwa wofika ndi sitima ya m'bandakucha ndi chinthu chabwino, chifukwa amalowa m'chipinda nthawi yomweyo osadikira masana. Koma tsiku lake limatheranso m'bandakucha. Masiku athu awiri anali atatha 6:40 m'mawa umenewo.

Ndinayamba kukweza mawu, achemwali anandigwira mkono. "Iwe, bamboyu sanakubere. Analemba ukuona." Zinali zoona. Tinakambirana, ndipo poti gulu limene linkafuna chipindacho linali kufika usiku, anatilola kukhala mpaka 8 koloko usiku titalipira theka la tsiku. Sikuti aliyense angavomere choncho, makamaka nyengo yodzaza. Funsani polowa ngati amawerenga maola 24 kapena amatulutsa masana, muyerekeze ndi nthawi ya sitima yanu, ndipo risiti ikhale ndi tsiku ndi ola.

Madzulo amenewo kamnyamata kanatiperekeza mpaka pamene auto imaima, chikwama chimodzi pamutu china m'manja. Tinakapatsa kangachepe, ndipo achemwali anawonjezera paketi ya mtedza wa kwathu imene inatsala. Mdala anatipatsa aliyense kankhata ka malli atakakulunga m'tsamba. Achemwali anakayang'ana nthawi yaitali, nafunsa ngati kanapita kukachisi. Atamva kuti kangochokera kumsika, anakamangirira pa duku.

Sitima itadutsa Dindigul, anthu atazimitsa magetsi, ndinamva achemwali akufufuza m'chikwama pabedi la m'munsi.

"Iwe, chitenje changa cha Mvano chija unanyamula?"

Chinatsala pachingwe, padenga paja.